Felix Mendelssohn Bartholdy (1809–1847): Mlezi wa Oimba Achinyamata

Mwa anthu amene adatumikira mbadwo wawo ndi luso la nyimbo m'zaka za m'ma 1800, dzina la Felix Mendelssohn Bartholdy wa ku Germany ndi limodzi mwa maina omveka koposa. Ambiri amamkumbukira chifukwa cha nyimbo zake ziwiri zazitali zofotokoza nkhani za m'Baibulo, ina ya mtumwi Paulo ndi ina ya mneneri Eliya, ndiponso chifukwa cha masalimo amene adapekera makwaya. Koma m'mbiri ino tifuna kulondola ntchito yake ina imene sitchulidwa kawirikawiri, ndiyo yolera oimba achinyamata pa nthawi yovuta ija pamene munthu waphunzira ndithu koma dzina lake silinadziwike. Pa nthawi yotere luso lambiri limafera m'mazira, osati chifukwa ndi lochepa ayi, koma chifukwa palibe wamkulu wolimva ndi kulichitira umboni. Mendelssohn adakhala ndi moyo zaka 38 zokha, koma m'zaka zowerengekazo adachitira umboni achinyamata ambiri, ndipo ena mwa iwo adadzakhala atsogoleri a nyimbo m'maiko mwawo.

Kubadwa ndi kuleredwa kwake

Felix adabadwa pa 3 Febuluwale, 1809, mu mzinda wa Hamburg. Agogo ake, Moses Mendelssohn, adali Myuda wanzeru zakuya amene mabuku awo adawerengedwa m'maiko ambiri a ku Ulaya. Atate ake, Abraham, adali mwini banki, ndipo amai ake adali Lea. Banjali lidasamukira ku Berlin m'chaka cha 1811. M'chaka cha 1816 ana onse anayi, Fanny, Felix, Rebecka ndi Paul, adabatizidwa ndi mbusa wa mpingo wa Reformed, ndipo makolo nawonso adabatizidwa m'chaka cha 1822.

Ndi ana ochepa amene adalandirapo mwayi wonga wa Felix. Adaphunzira piyano kwa Ludwig Berger, ndipo kuyambira m'chaka cha 1819 adaphunzira kupeka nyimbo kwa Carl Friedrich Zelter, woimbitsa kwaya yaikulu ya mu Berlin yotchedwa Sing-Akademie. Masiku ena a Mulungu atate ake ankalemba ganyu akatswiri oimba zipangizo kuti adzaimbe pakhomo pawo. Motero mwanayo akapeka nyimbo papepala ankaimva ndi makutu ake pasanapite nthawi, naona yekha pamene walakwitsa. Ichi nchinthu chimene opeka nyimbo ambiri amachidikira zaka ndi zaka. M'chaka cha 1821 Zelter adapita naye ku Weimar kukamuonetsa kwa Goethe, mlembi wamkulu wa dzikolo. M'chaka cha 1824 katswiri wa piyano, Ignaz Moscheles, adamphunzitsako, ndipo chaka chotsatira atate ake adapita naye ku Paris kuti Luigi Cherubini, mkulu wa sukulu ya nyimbo kumeneko, aone ngati mwanayo adayeneradi kutenga nyimbo ngati ntchito ya moyo wake. Pofika zaka 17 Felix adali atapeka kale nyimbo zimene zikuimbidwabe mpaka lero.

Khomo lotseguka ndi khomo lotsekeka

Ali mnyamata, agogo ake akuchikazi, Bella Salomon, adampatsa mphatso ya buku lolembedwa pamanja la nyimbo yaikulu ya Johann Sebastian Bach yofotokoza masautso a Ambuye monga adalembera Mateyu. Bach adamwalira m'chaka cha 1750, ndipo nyimboyi idangokhala m'mapepala, yodziwika kwa akatswiri owerengeka. Felix adafunitsitsa kuti imvekenso. Poyamba Zelter adakana, poona kuti ntchitoyo idali yaikulu zedi, koma Felix ndi bwenzi lake Eduard Devrient atamuumiriza, mkuluyo adalola kupereka kwaya yake ndi holo yake m'manja mwa mnyamata wa zaka 20. Nyimboyo idaimbidwa pa 11 Malichi, 1829, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Germany adayamba kufunafunanso nyimbo za Bach za m'tchalitchi.

Patangopita zaka zochepa, Felix adalawanso kuwawa kwa kukanidwa. Zelter atamwalira m'chaka cha 1832, mamembala a kwaya ija adachita chisankho cha woimbitsa watsopano m'mwezi wa Januwale, 1833, ndipo adasankha Carl Friedrich Rungenhagen, namsiya Felix. Olemba mbiri ambiri amaganiza kuti unyamata wake ndi mtundu wa makolo ake ndizo zidamlepheretsa. Chomwecho adachoka ku Berlin akudziwa zinthu ziwiri: ubwino wa mkulu amene alola mnyamata kuyesa, ndi chisoni cha mnyamata amene amtsekera khomo.

Adagwira ntchito ku Düsseldorf kuyambira 1833 mpaka 1835. M'chaka cha 1835, ali ndi zaka 26, adaitanidwa ku Leipzig kukatsogolera gulu lalikulu la oimba zipangizo, kapena kuti okestra, la ku holo yotchedwa Gewandhaus. Apa mpamene adapeza mphamvu zothandizira ena, popeza woimbitsa wa Gewandhaus ndiye adali ndi mawu aakulu pa nyimbo zoti ziimbidwe ndi anthu oti aziimbe. Adalimbananso ndi akuluakulu a mzindawo kuti malipiro a oimba ake akwezedwe. M'chaka cha 1837 adakwatira Cécile Jeanrenaud, mwana wa mbusa wa mpingo wa Reformed wa Afalansa ku Frankfurt, ndipo adabereka ana asanu.

Anyamata atatu

Kuti timvetse kathandizidwe kake, tiyenera kuona anyamata atatu a maiko atatu.

Woyamba ndi William Sterndale Bennett wa ku England, mwana wamasiye amene adaleredwa ndi agogo ake ku Cambridge. M'chaka cha 1833 Mendelssohn ali ku London adamumva akuimba pa piyano nyimbo yopeka yekha pa konsati ya ophunzira a Royal Academy of Music. Bennett adali ndi zaka 17. Mendelssohn adafuna kuonana naye, namuitana kuti adzafike ku Germany, ndipo adamuuza kuti adzamlandira ngati bwenzi, osati ngati wophunzira. Bennett adafika ku Leipzig m'chaka cha 1836, ndipo m'mwezi wa Januwale, 1837, adaimba nyimbo yake ku Gewandhaus, Mendelssohn akuimbitsa okestra. Masiku amenewo Ajeremani ambiri sankayembekeza kuti ku England kungachokere wopeka nyimbo wenieni, tsono umboni wa Leipzig udamkweza Bennett ngakhale kwawo komwe. Iyeyu ndiye adadzaimbitsa nyimbo ija ya Bach koyamba ku England m'chaka cha 1854, ndipo m'chaka cha 1866 adakhala mkulu wa sukulu yomwe ija adaphunzirako.

Wachiwiri ndi Niels Gade wa ku Denmark, amene adabadwa m'chaka cha 1817. Gade adapeka simfoni yake yoyamba, ndiyo nyimbo yaitali ya okestra yonse, m'chaka cha 1842, koma kwawo ku Copenhagen idasowa malo. Mapepala ake adatumizidwa ku Leipzig. Mendelssohn sadamuonepo munthuyo, ndipo kuimba nyimbo ya mlendo wosadziwika kukadatha kumchotsera ulemu pamaso pa anthu olipira pakhomo. Komabe ataiyeseza ndi okestra yake adakondwa nayo, namlembera Gade kalata yomthokoza, ndipo adaiimbitsa pa 2 Malichi, 1843. Anthu adailandira ndi manja awiri. Chaka chomwecho Gade adafika ku Leipzig, ndipo posakhalitsa adayamba kuthandiza Mendelssohn kuimbitsa ku Gewandhaus. Atabwerera kwawo m'chaka cha 1848 adakhala mtsogoleri wa nyimbo m'Denmark kwa zaka zoposa 40, ndipo achinyamata ena monga Edvard Grieg ndi Carl Nielsen adalandira uphungu wake.

Wachitatu ndi Joseph Joachim, mwana wa Chiyuda wochokera ku Hungary, amene abale ake adabwera naye ku Leipzig m'chaka cha 1843 ali ndi zaka pafupifupi 12. Mwanayu ankaimba vayolini modabwitsa, ndipo nthawi imeneyo ana otere ankayendetsedwa m'mizinda ngati malonda mpaka luso lawo litaguga. Mendelssohn atamumva adaona kuti pa vayolini sadasowe zambiri, koma adasowa maphunziro a munthu wamba. Tsono adakonza zoti aziphunzira malamulo a kapekedwe ka nyimbo kwa Moritz Hauptmann, woimbitsa wa tchalitchi cha Thomaskirche kumene Bach adatumikira kale, ndiponso kuti akhale ndi mphunzitsi wa maphunziro ena. Mwiniwake ankaimba naye kawirikawiri. M'chaka cha 1844 bungwe la Philharmonic Society la ku London, limene lidali ndi lamulo loletsa ana kuimba pa makonsati ake, lidalola kupatula Joachim chifukwa cha umboni wa Mendelssohn. Pa 27 Meyi, 1844, mwanayo, asanakwanitse zaka 13, adaimba nyimbo yaikulu ya vayolini ya Beethoven, Mendelssohn akuimbitsa. Nyimboyi idali isanakhazikike m'mitima ya anthu chiyambire 1806, koma kuchokera tsiku limenelo idazika mizu.

Chimene Mendelssohn adachita pambuyo pa chipambano chimenechi ndicho chisonyeza mtima wake. Adalembera abale a mwanayo kuwalangiza kuti abwerere ku Leipzig, akhale phee kutali ndi m'manja mwa anthu, apitirize maphunziro kwa zaka zingapo, kuti thupi ndi maganizo zikhwime. Iye adadziwa kuti kutamanda kopitirira kumaononga mwana monga momwe kunyoza kumachitira. Joachim adakula nakhala mmodzi mwa oimba vayolini omveka koposa m'zaka zimenezo. M'chaka cha 1853 iyenso adalandira mnyamata wosadziwika, Johannes Brahms, namlozera kwa Robert Schumann, ndipo m'chaka cha 1869 adakhala mkulu woyamba wa sukulu yapamwamba ya nyimbo ku Berlin.

Sukulu ya ku Leipzig

Mendelssohn adazindikira kuti munthu mmodzi sangathe kulera onse ogogoda pakhomo pake. M'chaka cha 1839 mkulu wina wa zamalamulo ku Leipzig, Heinrich Blümner, adamwalira nasiya chuma chokwana 20,000 thaler, ndalama ya nthawi imeneyo, m'manja mwa mfumu ya dziko la Saxony kuti chithandize ntchito za luso. M'chaka cha 1840 Mendelssohn adalemba kalata yopempha kuti chumacho chikhazikitse sukulu ya nyimbo. Mfundo yake idali yakuti achinyamata ofuna kudzipereka ku nyimbo kawirikawiri ndi amene alibe ndalama zolipirira mphunzitsi wabwino payekhapayekha, koma ataphunzitsidwa pagulu mtengo wake ungatsike, ndipo ophunzirawo angamanolane okhaokha. Padapita zaka zitatu za makalata ndi maulendo, mpaka Mfumu Friedrich August II idavomera.

Sukuluyo idatsegulidwa m'mwezi wa Epulo, 1843, m'kanyumba ka m'bwalo la Gewandhaus, ndi ophunzira 22, anyamata ndi atsikana. Padali malo ena aulere a ana a m'Saxony osowa ndalama. Aphunzitsi adali Mendelssohn mwini, Schumann, Hauptmann, Ferdinand David wa vayolini ndi Carl Ferdinand Becker wa limba. M'chaka cha 1846 Moscheles, yemwe uja adamphunzitsa ali mwana, adasiya ntchito yake ku London kudzathandiza wophunzira wake wakale. Ubwino waukulu wa sukuluyi udali wakuti idali pakhomo penipeni pa okestra, kotero kuti ophunzira ankamva akatswiri akuyeseza ndi kuimba, monga momwe Felix ankamvera kunyumba kwa atate ake. Chimene iye adachilandira chifukwa cha chuma cha makolo adachisandutsa cha aliyense wakhama.

M'kalasi sadali munthu wofewa. Ankapsa mtima msanga ndi ulesi ndi ntchito yosasamalika, ndipo ophunzira ena ankamuopa. Komabe sankasiyira munthu panjira. Theodor Kirchner, amene dzina lake ndilo loyamba m'kaundula wa sukuluyo, adapeza ntchito yoimba limba m'tchalitchi cha ku Winterthur, ku Switzerland, m'chaka chomwecho cha 1843, chifukwa cha kalata ya Mendelssohn. Alendo nawo ankawasamala chimodzimodzi. Charles Gounod wa ku France atadutsa ku Leipzig chaka chimenecho ali wosadziwika, Mendelssohn adasonkhanitsa okestra kuti imuimbire mlendoyo, napita naye ku Thomaskirche kukamuimbira nyimbo za Bach pa limba.

Pamene adaperewera

Mbiri yoona siyenera kubisa chilema cha mwini wake. Munthu amene adachitira umboni ana a eni adazengereza kuchitira umboni mlongo wake. Fanny, amene adabadwa m'chaka cha 1805, adaphunzira kwa aphunzitsi omwewo, ndipo luso lake pa piyano ndi pa kupeka lidali lalikulu. Felix mwini ankamuonetsa nyimbo zake zatsopano kuti amve maganizo ake. Koma atate awo adaweruza kuti kwa mwana wamkazi nyimbo zikhale chokometsera moyo chabe, osati ntchito. Nyimbo zisanu ndi imodzi za Fanny zidasindikizidwa m'mabuku a Felix pansi pa dzina la Felix. M'chaka cha 1842, ali ku Buckingham Palace, Mfumukazi Victoria idasankha nyimbo imene idaikonda m'mabukuwo kuti iimbe, ndipo Felix adayenera kuulula kuti idali ya mlongo wake.

M'chaka cha 1837 amai awo adampempha kuti alimbikitse Fanny kusindikiza nyimbo zake, koma iye adakana, poganiza kuti moyo wa wopeka nyimbo wapoyera sungagwirizane ndi udindo wa mai wapabanja. Sikuti ankapeputsa luso la akazi ayi, pakuti m'chaka cha 1831 ku Munich adaphunzitsa mtsikana Josephine Lang nayamikira kwambiri nyimbo zake. Koma pa za m'banja mwake adagonjera mwambo wa anthu a msinkhu wawo. Fanny, amene mwamuna wake Wilhelm Hensel ankamlimbikitsa, adadzasindikiza yekha m'chaka cha 1846, ali ndi zaka 40, ndipo Felix adapereka dalitso lake mochedwa. Mwa nyimbo zoposa 400 zimene Fanny adapeka, zambiri zidakhala m'mabokosi zaka zoposa 100. Apa tiona kuti wothandiza achinyamata akhoza kupenya patali nalephera kuona amene wakhala naye pamphasa imodzi.

Imfa yake

Zaka zake zotsiriza zidali za ntchito yosapuma, pakati pa Leipzig, Berlin ndi England. Nyimbo yake ya Eliya idaimbidwa koyamba ku Birmingham pa 26 Ogasiti, 1846. Adabwerera kuchokera ku ulendo wake wakhumi wa ku Britain m'mwezi wa Meyi, 1847, ali wotopa zedi, ndipo pomwepo adalandira uthenga wakuti Fanny wamwalira mwadzidzidzi pa 14 Meyi, atagwidwa ndi matenda opha ziwalo pamene ankayeseza nyimbo ya mlongo wakeyo. Felix sadapezenso mphamvu. M'miyezi yotsalayo adayamba kukonza zoti nyimbo zina za Fanny zisindikizidwe. Matenda omwewo adamgwira iyenso, ndipo adamwalira ku Leipzig pa 4 Novembala, 1847. Mwa amene adaperekeza bokosi lake mudali Moscheles, Schumann, David, Hauptmann ndi Gade. Adaikidwa ku Berlin pafupi ndi mlongo wake.

Zipatso za ntchito yake

Abwenzi ake ku England adaona kuti chikumbutso choyenera munthu wotere ndi thumba lophunzitsira achinyamata. M'mwezi wa Disembala, 1848, Jenny Lind wa ku Sweden adaimba nawo nyimbo ya Eliya ku London kuti apeze ndalama za thumbali, lotchedwa Mendelssohn Scholarship. Woyamba kupindula nalo, m'chaka cha 1856, adali Arthur Sullivan, mnyamata wa zaka 14 wa m'kwaya ya Chapel Royal. Iyeyu adaphunzira piyano kwa Bennett ku London, ndipo m'chaka cha 1858 adapita ku sukulu ya ku Leipzig, kumene adaphunzira kwa Moscheles ndi Hauptmann. Chaka chomwecho kudafikanso Grieg wa ku Norway ali ndi zaka 15. Sullivan adadzapeka machuni ambiri a nyimbo za m'tchalitchi, kuphatikizapo chotchedwa St Gertrude cha m'chaka cha 1871, chimene chafala m'mipingo ya m'maiko ambiri.

Palinso mnyamata wina, William Cummings, amene adaimba m'kwaya pamene Mendelssohn ankaimbitsa Eliya ku London m'chaka cha 1847. M'chaka cha 1855 Cummings adatenga chuni chimene Mendelssohn adapeka m'chaka cha 1840 pa chikondwerero chokumbukira Gutenberg, woyambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, nachilumikiza ndi mawu a nyimbo ya Khirisimasi ya Charles Wesley yonena za angelo olengeza kubadwa kwa Mfumu. Mendelssohn mwini ankaganiza kuti chunicho sichingayenerane ndi mawu achipembedzo, koma lero ndi chimodzi mwa zodziwika koposa mwa zonse zimene adapeka.

Dzina lake lidakumananso ndi adani. Mu ulamuliro wa chipani cha Nazi nyimbo zake zidaletsedwa chifukwa cha mtundu wa makolo ake, ndipo m'mwezi wa Novembala, 1936, chipilala chake cha patsogolo pa Gewandhaus chidagwetsedwa usiku. Koma sukulu imene adayambitsa sidafe. M'chaka cha 1972 idapatsidwa dzina lake, ndipo ikuphunzitsabe mpaka lero. M'chaka cha 2008 chipilala china chofanana ndi choyamba chija chidaimikidwa pafupi ndi Thomaskirche.

Tikasonkhanitsa zonsezi tipeza kuti thandizo la Mendelssohn silidali la mawu olimbikitsa okha. Ankapatula nthawi yomvetsera wachinyamata asanamve mbiri yake kwa ena. Akakhutira, ankaika dzina lake lomwe pachiswe pomuimiritsa pamaso pa anthu. Ankamtchinjiriza ku kutchuka kofulumira, ankamfunira ntchito yodyera, ndipo potsiriza adamanga sukulu yoti ipitirize zonsezi iye atapita. Pamene adalephera, padali chifukwa chomvera mwambo kuposa makutu ake, ndipo mtengo wa kulepherako adaulipira ndi mlongo wake. Aliyense amene ali ndi mphamvu yosankha woimba, woimbitsa kapena wophunzira woti atumizidwe ku sukulu adzapeza m'moyo wa munthu uyu chitsanzo ndi chenjezo pamodzi.